Tsiku Limene Ndinatsekera Phulusa M'dramu

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndili m'giredi sikisi, pamene tinali ndi mphaka wotuwa dzina lake Phulusa. Nkhani yake sindinaiuzepo anthu ambiri, ndipo ngakhale lero poilemba ndikuchita manyazi.

Kwathu ndi ku Kanakantapa, m'boma la Chongwe. Makolo anga anachokera ku Katete ine ndisanabadwe, nadzapeza malo olimapo chimanga ndi matimati. Phulusa anabwera ndi atate kuchokera ku Palabana, m'katoni yomangirira kumbuyo kwa njinga, ali kamwana kokwana m'manja awiri. Sanamubweretse kuti tizimukonda. Makoswe anali atatiboolera matumba a chimanga m'chipinda chosungiramo zokolola, ndiye mphakayo anabwera kudzagwira ntchito. Atakula, m'mawa uliwonse ankayenda pamwamba pa matumbawo, kununkhiza apa ndi apo, mchira uli m'mwamba, mpaka atate anamupatsa dzina lina loti ba Foromani, ngati kapitao woyang'anira antchito. Akakumana naye pakhomo ankavula chipewa n'kunena kuti, "Mwauka bwanji ba Foromani? Nchito iyenda?" Mphakayo ankangodutsa osawayang'ana, atate n'kuseka okha.

Ine ndinali mwana wamanyazi kwambiri. Kusukulu aphunzitsi akandiloza, yankho ndinkalidziwa koma mawu ankathera pakhosi. Mlendo akafika pakhomo ndinkagwada, kupereka moni nditayang'ana pansi, kenako n'kuzembera kuseri kwa khitchini. Kumeneko ndi kumene ndinkapeza Phulusa. Ndinkamubisira mitu ya kapenta m'kapepala, ndipo akatha kudya ankakwera pamiyendo panga ine n'kumamuwerengera mabuku a kusukulu mokweza. Pamaso pa iye yekha ndi pamene ndinkalankhula osanjenjemera. Anthu akwathu sakonda kuona munthu akusisita mphaka, ena amati nyama zimenezi zimayenda ndi afiti. Amayi akandipeza nditamunyamula ankati, "Esinati, pusi si mwana. Mutsitse." Ndinkamutsitsa msanga, chifukwa palibe chimene ndinkachiopa kuposa kukhumudwitsa munthu wamkulu.

Banja lathu ndi la Chikatolika. Mwezi wa Okutobala, mabanja a mumphakati mwathu, ndiko kuti kagulu ka akhristu oyandikana nyumba, amapemphera korona khomo ndi khomo. Chifaniziro cha Amayi Maria chimagona panyumba imodzi, mawa lake masana anthu amasonkhana pamenepo, ndipo akatha kupemphera amachiperekeza kunyumba yotsatira. Mtsogoleri wa mphakati wathu anali amayi Zulu, mayi wamtali wa mawu aakulu, amene ankadziwa dzina la mwana aliyense wojomba ku katekisimu. Lamlungu lina anandigwira dzanja panja pa tchalitchi.

"Iwe Esinati, pa Chinayi tili kwanu. Chigawo chachitatu uzatsogolera ndiwe. Wakula manje, siungazingobisala kumbuyo kwa amako."

Ndinavomera ndi mutu. Kutsogolera chigawo ndi kuyambitsa wekha Tikuoneni Maria kakhumi, gulu lonse likuyankha. Ndinachita mantha, komabe pansi pa manthawo panali kachimwemwe, poti munthu wamkulu chotero anali atandiona. Masiku anayi onse ndinkayeserera kuseri kwa khitchini, korona ili m'manja, Phulusa akumenya kamtanda kake ndi phazi.

Pakhomo panali pokonzekera ngati pakubwera ukwati. Amayi anazira pakhonde, anafulula chakumwa cha munkoyo chodzaza ndowa, atate anabwereka mabenchi awiri. Lachitatu madzulo chifaniziro chinafika, ndipo tinachiika patebulo pakhonde, titaliphimba ndi nsalu yoyera imene inkatuluka m'sutikesi pa Khirisimasi pokha. Madzulo amenewo Phulusa anadya bwinobwino, anathamangitsanso buluzi pakhoma.

Lachinayi m'mawa sindinamuone pamatumba, koma ndinali wochedwa kusukulu. Nditabwerako dzuwa lili paliwombo, ndinamupeza atagona pansi pa tebulo lija. Dovu linali likutuluka m'kamwa mwake, ndipo pambali pake panali masanzi achikasu. Nditamuitana anayesa kuimirira, koma miyendo yakumbuyo inakana. Ndinamusanthula thupi lonse, panalibe bala, panalibe chotupa. Ankangopuma mofulumira, maso ali pa ine.

"Amama, Phulusa adwala."

Amayi anali akusefa munkoyo, thukuta lili kamukamu. Anabwera nasuzumira pansi pa tebulo.

"Pansi pa Amayi Maria penipeni? Muchotse, upukute apo. Anthu afika manje manje."

"Nanga nimupase chani?"

"Tizaona alendo akayenda. Muchotse pamaso pa anthu."

Sananene kuti ndikamuike kuti. Zimenezi ndiyenera kuzinena poyera, chifukwa kwa zaka zingapo ndinkadziuza kuti ndinangomvera amayi. Zotsatirazi ndinaziganiza ndekha.

Ndinamunyamula n'kukamugoneka pathumba kuseri kwa khitchini, ndipo ndinabwerera kukapukuta pakhonde. Ndisanathe, ndinamuona akubwera, akudzikoka ndi miyendo yakutsogolo, mimba ikukhwekhwereza m'fumbi. Ndinamubwezanso. Nditasamba ndi kuvala diresi langa la kutchalitchi, ndinamupeza wafikanso pakona pa nyumba, akulira chapansipansi. Sankafuna tebulo, ankatsatira ine. Nthawi yomweyo ndinamva nyimbo kumsewu, ndipo pakati pa mitengo ndinaona zitenje za azimayi akubwera pamzere.

M'maganizo mwanga munabwera chithunzi chimodzi chokha. Ndinadziona nditagwada pamphasa ndikutsogolera pemphero, mphaka wadovu akukwawira pamiyendo panga, amayi Zulu akuyang'ana, azimayi ena akukodolana. Kuseri kwa khitchini kunali dramu lachitsulo lopanda kanthu, limene tinkasungiramo madzi m'chilimwe lisanabooke. Ndinamunyamula Phulusa, ndinamutsitsira m'menemo pamodzi ndi thumba lija, ndinavundikira ndi chidutswa cha lata n'kutsindira ndi njerwa ziwiri. Madzi sindinamuikire. Ndinadziuza kuti korona sitenga nthawi yaitali. Dramulo linali pamthunzi wa mtengo wa mango, ndipo sindinaganize kuti mthunzi umasuntha.

Amene anakhalako ku Chongwe mu Okutobala akudziwa kutentha kwake. Nyenje zimalira tsiku lonse, nkhuku zimayenda zitayasamula, ndipo chitsulo chikakhala padzuwa sungachigwire ndi dzanja.

Anthu anadzaza bwalo. Azibambo anakhala pamabenchi, atate ali nawo atachokera kudimba, azimayi ndi ana pamphasa. Chigawo choyamba ndi chachiwiri zinapita kuli zii, mwakuti ndinaganiza kuti wagona. Kenako amayi Zulu anandiyang'ana nagwedeza mutu. Ndinagwada, ndinagwira mkanda woyamba, ndipo nditangotsegula pakamwa ndinamumva Phulusa. Kulira kwake kunasintha chifukwa cha dramu, kunamveka kwakuya ngati kwa munthu woitana ali m'chitsime. Pambuyo pake kunabwera phokoso la zikhadabo zikukanda chitsulo.

Ndikanatha kuimirira. Kuchokera pamphasa kukafika padramu panali mapazi osakwana makumi awiri. Ndikanati "pepani" n'kuthamanga, anthu akanaseka, mwina amayi akanandikalipira madzulo, ndipo zikanathera pomwepo. M'malo mwake ndinakweza mawu. Akalira, ine ndinkakweza. Akakanda, ndinkakwezanso. Mwana amene sankamveka ngakhale m'kalasi anapemphera tsiku limenelo mpaka nkhuku zinasuntha pabwalo. Gulu linayankha mwamphamvu potengera ine, ndipo pofika mkanda wakhumi sindinkamvanso kanthu koma mawu athu.

Zigawo ziwiri zotsala ndinagwada ndikumvetsera. Analira kawiri kapena katatu, mofooka.

Titatha, ndinayamba kuzungulira ndi makapu a munkoyo. Nditagwada pamaso pa amayi Zulu, anandigwira paphewa nalankhula kuti onse amve.

"Amake Esinati, mwana uyu munali kutibisira. Mawu ngati belu. Tinali kuganiza kuti ni mbewu yosamera, kansi ni kwaya yonse."

Anthu anaseka, amayi anamwetulira atayang'ana pansi, atate anakonza chipewa chawo monyadira. Ine mtima unakoma. Sindingabise, unakoma ndithu. Kenako amayi Zulu anamwa pang'ono nafunsa chapansipansi, "Koma pusi uja anali kulira ni wa ndani? Anali kumveka monga ali pafupi."

"Kaya, amayi," ndinatero. "Si wathu. Kapena ni wa ku maploti a uko."

Mawuwo anatuluka mosavuta, ngati ndinawakonzeratu.

Ndinaganiza zoti ndikangotolera makapu ndizembere kuseri. Koma amayi Zulu anaimirira, nanyamula chifaniziro patebulo n'kuchiika m'manja mwanga. Anati wotsogolera bwino ndiye ayenera kunyamula Amayi Maria kupita nawo kunyumba yotsatira. Umenewu unali ulemu waukulu, ana ena ankaulimbirana. Nyumba yotsatirayo inali kutsidya kwa dambo, ulendo woposa theka la ola poyenda pang'onopang'ono ndi nyimbo. Apanso ndikanatha kunena kuti, "Dikirani pang'ono." Ndinayang'ana kukhitchini, ndinayang'ana nkhope za anthu zimene zinali kundimwetulira, ndipo ndinatsogola.

Pobwerera ndinathamanga njira yonse. Dzuwa linali litapendeka, ndipo mthunzi wa mango unali utachoka kalekale padramu. Lata linandiotcha zala pamene ndinkachotsa njerwa. M'katimo munatuluka mpweya wotentha wonunkha mkodzo. Phulusa anali atagona chammbali, pakamwa pali pululu, thupi likadali lofunda koma losapuma. Thumba lija anali atalikankhira kumbali, ndipo padzimbiri la m'kati panali timizere toyera pamene anakanda.

Chimene ndinachita kenako ndi chimene chimandichititsa manyazi koposa. Ndisanalire n'komwe, ndinayang'ana uku ndi uku. Nditaona kuti palibe munthu, ndinamutulutsa, ndinamugoneka bwinobwino pathumba pansi pa mango, ndinatsuka dramu ndi madzi a m'chigubu, ndinabwezera lata ndi njerwa pamene zinkakhala. Nditatha zonsezi ndi pamene ndinakhala pansi n'kuyamba kulira kuti anthu amve.

Atate anabwera nagwada pambali pake. Anamutsegula pakamwa, anayang'ana m'makutu, anapatula ubweya kufunafuna mano a njoka. Sanapeze kanthu. Amayi anawafotokozera za dovu ndi miyendo yakumbuyo. Atate anafunsa ngati pali amene anaika poizoni wa makoswe, koma chibwerere mphakayo tinali tisanagulenso. Kenako anati, "Pa Mande ninathira mankhwala ya anankafumbwe mu matumba. Sininatseke chitseko. Kapena ndine."

Anandiyang'ana ndi maso achisoni. "Pepa mwana wanga. Iwe unali kupemphera, mnzako ali kufa yekha kuno. Sunadziwe."

Ndinangowerama. Anatenga khasu nakumba kadzenje kumalire a munda. Pomukwirira anayesa kundiseketsa, anati ba Foromani apuma pantchito popanda penshoni, koma mawu awo sanamveke ngati nthabwala. Mawa lake anatenga botolo la mankhwala aja, lomwe linali lisanafike ndi pakati pomwe, nakalitaya m'chimbudzi. Patapita masiku anafunsa bambo wina wodziwa matenda a ng'ombe ku Palabana, amene anati mwina chinali chimene anadya kutchire, mwina matenda a amphaka okhaokha, iye sangadziwe poti sanamuone. Atate sanakhutire. Chaka chilichonse pothira mankhwala m'matumba ankatseka chitseko ndi waya, ngakhale tinalibenso mphaka, n'kunena kuti, "Ninaphunzira." Ine ndinkamva, n'kuwasiya akhulupirire choncho.

Kuchokera tsiku limenelo ndinakhala mwana wodalirika wa mphakati. Ankandipatsa kuwerenga mawu a Mulungu, kenako kuphunzitsa ana aang'ono mapemphero. Kusukulu nakonso ndinayamba kuyankha mafunso. Aliyense ankati korona ya chaka chija inanditsegula pakamwa. Ndikapita kokalapa ndinkangoti, "Ninanama," wansembe n'kundipatsa mapemphero atatu, ndipo ndinkatuluka ndi katundu yemweyo. Ndikaona mphaka panyumba ya eni ndinkayang'ana kumbali.

Chaka chatha, nditalemba mayeso a giredi twelofu, ndinali pakhomo kuthandiza ntchito za kudimba. Tsiku lina m'mawa ine ndi amayi tinali kusankha matimati, kuika akupsa m'bokosi lina ndi osapsa m'bokosi lina, kuti akwere minibasi ya ku Lusaka. Sindikudziwa chimene chinandikankha. Mwina chinali chakuti manja anali otanganidwa ndipo sitinkayang'anana. Ndinawauza zonse, za dramu, za njerwa, za bodza kwa amayi Zulu, za kutsuka.

Amayi sanasiye kusankha. Anatembenuza tomato mmodzi m'manja, anamuika m'bokosi, kenako anati, "Ninadziwa."

"Munadziwa bwanji?"

"Ninamumva. Ine ninakhala kumapeto kwa mphasa, pafupi na khitchini kupambana iwe. Mawu ya mu dramu siyasokoneza."

"Nanga simunaime bwanji?"

Anapukuta manja pachitenje. "Alendo. Ninati nikaima, onse azatembenuka, azafunsa, azakamba kuti kwa amake Esinati asunga pusi mu dramu pa tsiku ya korona. Pamene munayenda na chifaniziro ninatsala na azimayi awiri otsuka makapu. Ninati akachoka nizamutsegulira. Sanachoke msanga." Anatenganso tomato wina. "Ndiwe mwana wanga zoona. Manyazi aya unayamwa."

Ndinkayembekezera kukalipiridwa, kapena kutonthozedwa. Zimenezi sindinaziyembekezere. Tinakhala pamenepo anthu awiri, aliyense ndi bokosi lake, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinawaona amayi ngati munthu woopa anthu monga ine.

"Atate ako sadziwa," anatero. "Zaka zonsezi akali kuganiza kuti ni mankhwala yao. Uzawauza ndiwe, olo ine?"

Ndinati ndiwauza ndine. Ndinawapeza kudimba akumangirira matimati kumitengo. Ndinagwada m'mphepete mwa bedi la matimati n'kufotokoza zonse. Anamvetsera osandidula, chingwe chili m'manja. Nditatha anafunsa funso limodzi.

"Madzi unamuikira?"

"Iyayi, atate."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Kudwala anali kudwala kale. Kapena akanafa ndithu, palibe angadziwe. Koma sembe anafera pa miyendo yako." Anabwerera kuntchito yawo. Patapita kanthawi, osatembenuka, anati, "Ima, ubwere unigwirire uku." Ndinaimirira n'kukagwira mtengo iwo akumanga, ndipo tinamaliza mzere wonse.

Mpaka lero sindidziwa chimene chinadwalitsa Phulusa, ndipo sindidzadziwa ngati anafa ndi matendawo kapena ndi kutentha kwa dramu. Kale ndinkafunitsitsa wina atandiuza kuti anali matenda okha. Tsopano ndikuona kuti yankho limenelo silikanasintha mbali yanga. Anadzikoka m'fumbi kawiri konse kunditsatira, ndipo ine ndinamutsekera kuti anthu andione bwino.

Anthu ankanditama kuti ndine mwana waulemu, inenso ndinkakhulupirira. Ndazindikira mochedwa kuti mbali yaikulu ya ulemu wangawo inali mantha chabe, kuopa maso a anthu ndi kulakalaka kuti andiyamikire. Mantha otere amaoneka ofatsa, koma amene amavutika chifukwa cha manthawo ndi amene sangathe kudzilankhulira, ndiponso amene amatikonda mokwanira kusenza mlandu wathu, monga anachitira atate zaka zisanu ndi chimodzi. Manyazi sanandithere. Ndikakhala pagulu mtima umagundabe, ndipo ndimafunabe kuti aliyense akondwere nane. Koma ndikamva kuti kuseri kuli wina amene akuvutika, ngakhale pemphero lili pakati, ndimati "pepani" n'kuimirira, anthu n'kumandiyang'ana.